Kompyuta ili mu ofesi ya abwana, wodwala ali pabenchi

Kutenga magazi pamkono wa munthu si ntchito yodya nthawi. Namwino wozolowera amamanga kalamba, n'kupeza mtsempha, n'kubaya, n'kudzaza kabotolo, ndipo mphindi zochepa chabe wodwala uja amakhala atapanikiza kale thonje pamkono.

Makina a ku labu nawo sachedwa. Amene amawerenga kuchuluka kwa magazi amatha kabotolo kamodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Nanga bwanji munthu amene wauzidwa kuti akayezetse magazi pachipatala cha boma amatha tsiku lonse ali pabenchi? Nthawi yonseyi ikuthera kuti?

Ikuthera pakhomo. Ikuthera pa kulemba dzina, kulilembanso, kufunafuna fomu, kufunsa woyamba kubwera ndani, kubweza munthu kwa adokotala chifukwa zolemba sizikuwerengeka. Ntchito yonseyi ndi yomwe kompyuta inapangidwira. Ndipo makompyuta m'zipatala zathu alimo ndithu. Kungoti ambiri ali komwe wodwala safikako.

Mlandu umenewu sindikuupereka kwa namwino amene wayamba kubaya anthu m'mamawa osamwa ngakhale tiyi. Sindikuupereka kwa kalaliki wa pawindo. Ndikuupereka kwa inu mabwana amene mumasaina mapepala ogulira makompyuta ndi kusankha komwe akaikidwe: inu a kulikulu, inu a m'maofesi a zaumoyo m'maboma, ndi anzanu oyendetsa mapulojekiti a mabungwe othandiza. Inu ndi amene munaona kuti kompyuta ndi yolembera malipoti opita kumwamba, wodwala n'kumusiyira bolopeni ndi benchi.

Tiyeni tiyende naye wodwalayo, chifukwa zikuoneka kuti ambiri a inu papita nthawi musanayende naye.

Mayi wa matenda a shuga wauzidwa kuti abwere osadya kanthu. Chakudya chake chomaliza chinali nsima ya dzulo madzulo. Wadzuka usikusiku, walipira kabaza, walipira minibasi, wafika pageti kusanache bwino. Waima pamzere wolembetsa, ndipo kalaliki walemba dzina lake m'kaundula. Waima pamzere wa adokotala, ndipo adokotala alemba m'buku lake la kuchipatala, alembanso dzina lomwelo pa fomu ya ku labu. Wafunsa njira. Wafika pakhomo potengera magazi, wapeza anthu adzaza.

Pamenepo palibe nambala. Palibe chikwangwani chouza munthu kuti ayambire pati. Mafomu ndi mabuku amaunjikidwa pa tebulo kapena m'katoni, ndipo amene anabwera koyamba buku lake limakhala pansi penipeni. Wina akangosanduliza mulu uja, mzere wonse wasintha. Anthu amayamba kukangana. Mlonda ndi amene amasanduka woweruza, ndipo nonse mukudziwa zimene zimachitika woweruza akakhala ndi achibale, anzake a kumpingo ndi anthu omugulira fanta.

Mayi uja sadziwa ngati atsala anthu asanu kapena makumi asanu. Sangapite kuchimbudzi, kuopa kuti dzina lake lingaitanidwe iye kulibe. Sangadye, chifukwa anamuletsa. Dzuwa lafika pamutu, munthu wa shuga ali ndi njala ya maola oposa khumi ndi asanu, wayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Pambali pake pali mnyamata wamphamvu amene wabwera kudzayezetsa magazi a fomu ya ntchito. Pali mayi woyembekezera wotuwa m'maso. Pali mwana wotentha thupi kumsana kwa amake. Onsewa mzere ndi umodzi, ndipo palibe chinthu chimene chikuuza wotenga magazi kuti mwa anthuwa wina sangadikire.

Akalowa, dzina lake lilembedwanso m'kaundula wa chipindacho. Lilembedwanso pa kabotolo, malo ake ochepa ngati chala, ndi bolopeni yomwe inki yake imafufutika ikakhudza madzi. Kabotolo kakafika ku labu, wina alembanso m'kaundula wa kumeneko. Dzina limodzi, manja anayi kapena asanu, aliyense ndi kalembedwe kake.

Kenaka mawu amene Mmalawi aliyense amawadziwa: “Mubwere mawa.”

Mawa lake akabwera, atalipiranso kabaza ndi minibasi, amauzidwa kuti zotsatira sizikupezeka. Kapena kuti magazi anaundana. Kapena kuti anathiridwa m'kabotolo kolakwika. “Tikutengeninso ena.”

Kodi inu mabwana, mkono umene ukubayidwa kachiwiriwu ukanakhala wa mayi anu okubalani, bwenzi mukunena kuti zinthu zikuyenda?

Wina anena kuti kudikira sikupha. Pa nkhani ya magazi, kusokonekera kwa pakhomo kumapha ndithu, ndipo ndifotokoza.

M'dziko muno a Banda, a Phiri ndi a Mwale ndi osawerengeka. Chisomo akhoza kukhala mwamuna kapena mkazi. Chimodzimodzinso Chikondi, Mphatso, Madalitso. Achikulire ambiri sadziwa tsiku lawo lobadwa. Mayi mmodzi amalembetsa dzina la bambo ake lero, mwezi wamawa la mwamuna wake. Pabenchi limodzi pakhoza kukhala a Chisomo Banda awiri, ndipo wotenga magazi akafuula dzinalo, amadzuka ndi amene wamva msanga. Munthu wotopa ndi wanjala, kapena wosamva bwino, amavomera dzina lililonse lofanana ndi lake, bola alowe.

Zikatero, magazi a munthu uyu amalowa m'kabotolo ka dzina la munthu wina. Makina a ku labu sangazindikire zimenezo. Amayeza molondola bwinobwino, n'kupereka yankho loona kwa munthu wolakwika. Wodwala impso amauzidwa kuti ali bwino. Wopanda vuto amayambitsidwa mankhwala. Ndipo ngati kabotoloko kanali kofufuzira gulu la magazi kuti wodwala aikidwe magazi, ndiye kuti thumba lolakwika likhoza kupachikidwa pabedi pake. Munthu wa gulu O akalandira magazi a gulu A, thupi lake limayamba kuwaphwanya nthawi yomweyo, impso zimatha kuima, ndipo ena amafa.

Izi si zongoopseza. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2003, wochitika m'zipatala za m'maiko 10, anapeza kuti pa timabotolo pafupifupi 2,000 tofufuzira gulu la magazi, kamodzi kanali ndi magazi a munthu wina osati mwini dzina. Tolembedwa molakwika tinali tambiri kuposa pamenepo, kamodzi pa 165 tilitonse. Ambiri mwa maiko amenewo ndi olemera, anamwino awo sapanikizika ngati athu. Nanga kwathu kuno, komwe munthu mmodzi amabaya chikhamu cha anthu akulemba ndi dzanja?

Ku Padua m'dziko la Italy, Mario Plebani ndi mnzake Paolo Carraro anawerenga zolakwika za mu labu yawo kawiri, n'kusindikiza zotsatira mu 1997 ndi mu 2007. Ulendo woyamba anapeza kuti pa zolakwika 100 zilizonse, 68 zinkachitika magazi asanafike n'komwe pa makina. Ulendo wachiwiri zinali 62. Dzina lolakwika, kabotolo kolakwika, magazi ochepa, magazi okhalitsa.

Kukhalitsako nakonso si nkhani yaing'ono. Magazi akakhala m'kabotolo wamba osapatulidwa, shuga wake amatsika ndi magawo 5 mpaka 7 pa 100 ola lililonse, chifukwa maselo amapitiriza kumudya. Ngati palibe amene analemba nthawi yomwe magazi anatengedwa, wa ku labu adziwa bwanji kuti nambala imene akuiona ndi ya wodwala kapena ndi ya maola amene kabotolo kanagona pa tebulo?

Tsono mukamagula makina okwera mtengo a ku labu, n'kuitana atolankhani kudzajambula mukudula riboni, dziwani kuti mwakonza mbali yaing'ono ya vuto. Mbali yaikulu mwaidutsa pakhomo mukulowa, ndipo simunaiyang'ane.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti yankho lake si lachilendo kwa ife. Linabadwira konkuno.

Mu 2001, pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timachitcha Kamuzu Central Hospital, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anaika timakompyuta tongodina ndi chala pagalasi polembera odwala. Kalaliki ankadina dzina, mudzi ndi zaka, kamakina n'kutulutsa sitika ya timizere takuda, bakodi ija, yomata pa buku la kuchipatala. Wodwala akabweranso, sankafunsidwanso kalikonse. Kalaliki ankangowalitsa sitikayo, dzina n'kutulukira. Anthu amene anali asanagwirepo kompyuta anaphunzira msanga, chifukwa panalibe zotayipa zambiri. Timakompyutato tinkadya magetsi ochepa ndipo tinkayendera mabatire, chifukwa amene anatikonza ankadziwa kuti kuno magetsi amathima.

Pofika 2006 njira yomweyi inali italowa m'makiliniki a ma ARV, ndipo inafalikira m'dziko lonse. Akatswiri a maiko ena analemba za ife, ena anabwera kudzaona. Cha m'ma 2010, UNICEF ndi maboma a Zambia ndi Malawi anayamba kutumiza zotsatira za magazi a makanda pa uthenga wa pafoni kupita kuzipatala za kumidzi, pansi pa Project Mwana. Ku Neno, a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo akhala akusunga mbiri ya odwala pakompyuta kwa zaka zambiri, kudera la mapiri ndi misewu yovuta.

Zaka zoposa makumi awiri zapita chiyambire zimenezi. Mwana amene anabadwa chaka chimene sitika yoyamba inamatidwa ku Lilongwe lero ndi kholo. Nanga zatheka bwanji kuti akapita ndi mwana wake kukayezetsa magazi, akupezabe katoni ya mafomu?

Yankho mukulidziwa. Kompyuta inapita komwe kunali wofuna malipoti. Othandiza pa nkhani ya Edzi ankafuna kudziwa miyezi itatu iliyonse kuti omwa mankhwala ndi angati, asiya ndi angati, amwalira ndi angati, ndipo anali ndi ndalama zolipirira kuti adziwe. Sindikuwanyoza, ntchito imeneyo yapulumutsa miyoyo yambirimbiri. Koma inu, eni dziko, munayenera kutenga nzeru imeneyo n'kuiwolotsa khonde kupita kukhomo la labu. Simunatero. Munadikira kuti pabwere wothandiza wina wokonda matenda a shuga, wina wokonda kuchepa kwa magazi, wina wokonda impso. Ndiye lero m'chipatala chimodzi, khomo ili munthu amalandiridwa ndi sitika, khomo linalo amalandiridwa ndi mlonda.

Ndipo mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, tonse tinaona kuti chinthu chimene sunachiike mu bajeti yako si chako.

Pamwamba pa zonsezi pali DHIS2, pulogalamu imene ziwerengero za zipatala zonse zimathiridwamo mwezi ndi mwezi. Imathandiza, sindikukana. Koma taonani mmene zinthu zilili: bwana ali ku Capital Hill akhoza kudziwa kuti boma lakuti layeza anthu angati malungo mwezi watha, pamene namwino amene wagwira singano sangadziwe kuti mwa anthu ali panja pa chitseko chake ndani sanadye chidzulo. Uthenga umakwera kumwamba, koma sutsikira pabenchi.

Tanenani, kompyuta imeneyi munagulira ndani?

Chimene ndikupempha si chozizwitsa. Adokotala akafuna kuti munthu ayezedwe magazi, adine pakompyuta m'chipinda momwemo: kuchuluka kwa magazi, shuga, impso. Wodwala akafika pakhomo potengera magazi, kalaliki awalitse sitika ya pa buku lake. Pomwepo kamakina katulutse kapepala ka nambala ya pamzere, ndi masitika a timabotolo ake, iliyonse yonena dzina, nambala ya wodwala, choyezedwa, ndi mtundu wa kabotolo: ka chivindikiro chapepo kowerengera magazi, kofiira kapena kachikasu ka impso ndi chiwindi, kotuwa ka shuga. Kompyuta iike patsogolo amene sanadye, mwana wodwalika, mayi woyembekezera amene adokotala alemba kuti n'zachangu. Nambala ioneke pakhoma, kapena ingoitanidwa pakamwa, zilibe kanthu.

Wodwala akakhala pampando, wotenga magazi amufunse kuti atchule yekha dzina lake lonse, monga mmene malangizo a WHO a 2010 amanenera, kenaka awalitse buku ndi kabotolo. Zikasiyana, kompyuta ikane. Zikagwirizana, nthawi ilembeke yokha. Kabotolo kakafika ku labu, kawalitsidwenso. Zotsatira zikatuluka, zibwerere kwa adokotala amene anazifuna, ndipo wodwala wochokera kutali alandire uthenga pafoni womuuza kuti abwere, m'malo moti awononge ndalama ya thiransipoti kudzangomva kuti sizinatuluke.

Basi, ndi zomwezo.

Paketi ya shuga m'sitolo ya m'tauni ili ndi bakodi yake, ndipo wogulitsa saisokoneza ndi paketi ya mchere. Kabotolo ka magazi a mwana wanu kalibe. Mwaona kuti shuga ndi wofunika kulondoloza kuposa magazi a munthu?

Palinso phindu lina limene ndikukhulupirira kuti ena a inu mumaliopa. Dongosolo lotere limasunga nthawi. Limaonetsa kuti wodwala anafika nthawi yanji, anabayidwa nthawi yanji, kabotolo kanafika ku labu nthawi yanji, yankho linatuluka nthawi yanji. Limaonetsa ngati chipinda chinatsegulidwa mochedwa. Limaonetsa ngati wina analowa modumpha anzake makumi atatu. Limaonetsa kuti Lolemba m'mawa pamafunika anthu atatu obaya pomwe mwaikapo mmodzi. Kaundula wa pepala amabisa zonsezi, ndipo pomwe zinthu zabisika palibe amene amafunsidwa.

Ndikudziwa zimene muyankhe.

Muti magetsi. Zoona, amathima, ndipo sitinaiwale mmene dziko linakhalira mumdima namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Koma kompyuta ya pawindo ndi kamakina kosindikiza masitika sizidya magetsi ngati firiji yosungira magazi kapena makina a labu, zomwe mumaziyendetsa kale. Batire ndi sola yapadenga n'zokwanira. A Baobab anathana ndi vuto limeneli kalekale, nthawi imene sola inali yodula kuposa lero. Komanso dongosolo la m'chipatala chimodzi silifuna intaneti kuti adokotala alankhule ndi labu yomwe ili kuseri kwa khoma. Limafuna waya ndi kompyuta imodzi yosunga zonse. Ma ejenti a Airtel Money ndi TNM Mpamba akutumiza ndalama tsiku lonse pansi pa ambulera m'misika ya kumudzi. Musatiuze kuti chipatala cha boma sichingathe zimene akutha iwo.

Muti ndalama. Tiyeni tiwerenge bwinobwino. Kabotolo kalikonse kamene katayidwa chifukwa dzina silikuwerengeka kanagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko likusowa. Singano yachiwiri, magolovesi achiwiri, mankhwala a makina othera pa kuyeza kobwereza, bedi limene wodwala wagonapo tsiku lina podikira zotsatira zotayika, zonsezi ndi ndalama. Onjezani za wodwalayo, zimene simuziwerenga chifukwa sizituluka m'thumba mwanu: thiransipoti, ganyu amene wamuphonya, geni imene yatsekedwa, gadiyani amene wasiya munda. Kenaka muike pambali pake ndalama zimene zimathera ku mawekishopu a kunyanja, ku Mangochi ndi ku Salima, komwe mumakakambirana ndondomeko za umoyo wa makono mukulandira ma alawansi. Tinali ndi ndondomeko ya dziko ya 2020 mpaka 2025 yonena za kugwiritsa ntchito makompyuta pa zaumoyo. Zaka zake zatha. Wodwala wa pabenchi uja waonapo chiyani?

Muti kuno si ku Japan. Inde, m'zipatala zazikulu za kumeneko wodwala amalowetsa khadi m'makina, n'kulandira nambala, ndipo makina ena amasankha okha timabotolo, kumata masitika, n'kutiika m'kathireyi kofika kwa namwino. Palibe amene akupempha zimenezo. Manja omata sitika tili nawo. Tikupempha kamakina kosindikiza sitikayo, kofanana ndi komwe kali kale m'chipinda cha ma ARV pachipatala chomwecho.

Muti tinaika kale pulogalamu ya labu m'zipatala zingapo. Ndikudziwa, ndipo amene anaikonza ndikuwayamikira. Koma dzifunseni kuti imayambira pati. Ngati sitika ikumatidwa kabotolo katafika kale pawindo la labu, ndi munthu amene sanamuone wodwalayo, amene akungokopera zolembedwa ndi bolopeni, ndiye kuti cholakwa chija mwangochiveka bakodi. Chizindikiro chiyenera kumatidwa wodwala ali pompo, mkono uli pa tebulo. Malo ena alionse ndi mochedwa.

Pali chodandaula chimodzi chokha chimene ndimachilemekeza, ndipo sichichokera kwa inu. Chimachokera kwa anamwino ndi a ku labu. Iwo amati kompyuta imachedwetsa mzere.

Akunena zoona, ndipo wolakwa ndi inu. Mumabweretsa kompyuta koma osachotsa kaundula. Munthu yemweyo alembe m'buku lalikulu, alembe pa fomu, kenaka atayipenso zomwezo pakompyuta, chifukwa oyendera ntchito akabwera amafuna kuona pepala. Pulojekiti iliyonse imabwera ndi pulogalamu yake, tabuleti yake ndi nambala yake ya wodwala, ndipo mapulogalamuwo salankhulana. Mumafunsa mafunso makumi awiri pawindo chifukwa lipoti likuwafuna, pamene wotenga magazi akufuna atatu okha. Pepala la masitika likatha, palibe amene anaika ndalama yogulira lina. Kamakina kakafa, wokonza ali ku Lilongwe ndipo galimoto ilibe mafuta. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi kompyuta yafunditsidwa nsalu pakona, ndipo inu mumalemba kuti ogwira ntchito sakonda zinthu zatsopano.

Ayi. Sakonda ntchito yowirikiza. Ndani angaikonde?

Munawafunsapo musanagule? Munakhalapo m'mawa umodzi m'chipinda chotengera magazi, osalankhula, kungoona mmene manja a namwino akuyendera, kuti mudziwe pomwe kamakina kangakhale osamusokoneza? Dongosolo labwino limachepetsa zolemba. Ngati mwaika kompyuta ndipo bolopeni ikugwirabe ntchito yomwe ija, mwawononga ndalama za anthu.

Pali nkhani inanso imene sitiikamba mokwanira, ya ulemu. Pakhomo la labu maina amafuulidwa pagulu, nthawi zina pamodzi ndi choyezedwa. Mafomu amakhala poyera, aliyense wodzafufuza lake amawerenga a anzake. M'tauni yaing'ono, momwe aliyense amadziwa mnzake, zimenezi n'zokwanira kuti munthu asabwererenso kudzayezetsa. Nambala ya pamzere imateteza munthu ku maso ndi makutu a anthu. Ndipo popeza dziko lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta, dongosololi liyenera kusunganso dzina la wogwira ntchito aliyense amene watsegula zotsatira za munthu, kuti wokonda miseche adziwe kuti chala chake chasiya chizindikiro. Katoni ya mafomu siingachite zimenezo.

Za nambala yodziwira munthu musadandaule nazo. Mu 2017 dziko lino linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yochepa n'kuwapatsa ziphaso za unzika. Amene ali nacho, chigwirizanitsidwe ndi buku lake la kuchipatala. Ana osafika zaka 16, ndi wina aliyense amene alibe kapena waiwala, apatsidwe nambala ya chipatala pa sitika monga zakhala zikuchitikira. Ndipo ndinene motsindika: munthu asabwezedwe pakhomo chifukwa alibe chiphaso kapena foni, kapena chifukwa sadziwa kuwerenga. Agogo a kumudzi asapatsidwe makina oti adine okha. Pakhale munthu pawindo, wolankhula chinenero chawo, kompyuta ili m'manja mwa munthuyo.

Tsono, mabwana, nazi zoti muchite, ndipo sizifuna msonkhano wa kunyanja.

Yambani ndi zipatala zinayi zazikulu, Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, pamodzi ndi chipatala chimodzi cha boma m'chigawo chilichonse. Lamulani kuti kabotolo kalikonse kamatidwe sitika wodwala ali pampando. Tsiku limene kompyuta yayamba, kaundula wa pepala atsekeredwe m'kabati, azituluka pokhapokha makina akafa. Ndalama ya mapepala a masitika, mabatire ndi wokonza wokhala pachipatala pomwepo ilowe mu bajeti ya boma, mzere wakewake, kuti aphungu aione ndi kuifunsa. Bungwe lililonse lobwera ndi pulogalamu yatsopano liuzidwe kuti ngati siilankhulana ndi yomwe ilipo, libwerere nayo.

Ndipo mwezi uliwonse, pakhoma la pakhomo potengera magazi, pamatidwe pepala lolembedwa m'chinenero cha anthu a m'deralo, lonena zinthu zitatu: anthu anadikira nthawi yaitali bwanji mwezi watha, timabotolo tingati tinakanidwa ku labu, ndi zotsatira zingati zinasowa. Pansi pake pakhale udindo ndi siginecha ya bwana amene ayankhe ziwerengerozo zikapanda kutsika.